Damu lathu likutithandiza kapena likungosunga matope? Mafunso ndi mayankho a anthu a ku Mulanje ndi Thyolo

Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera anthu akakhala pansi kukamba za madamu aang'ono: a m'makomiti a damu, a m'makalabu a ulimi wothirira, nyakwawa, ngakhale ana asukulu omwe apatsidwa ntchito yoti akafufuze. Tawayankha monga momwe tingayankhire titakhala nanu pansi pa mtengo wa mango. Ena tawayankha motalika chifukwa mpamene pagona nkhani, ena mwachidule.

Kwathu kuno kumagwa mvula yambiri. Nkhani ya madamu a kumadera ouma ikutikhudza bwanji?

Mlendo akamadutsa mumsewu wa Limbe kupita ku Muloza amaona tiyi wobiriwira mbali zonse, n'kumaganiza kuti kuno ludzu sitilidziwa. N'zoona kuti kum'mwera kwa phiri la Mulanje, cha ku Mimosa ndi Lujeri, mvula ndi yochuluka, ndipo chiperoni chimanyowetsa nthaka ngakhale mu Juni ndi Julayi. Koma khoterani cha ku Thuchila, Nkando, mpaka kuseri kwa phiri kolowera ku Phalombe, kapena tsikani zitunda za Thyolo cha ku Thekerani moyang'ana kuchigwa cha Shire. Kumeneko pofika Seputembala timitsinje tambiri timakhala tasanduka mchenga, ndipo amayi amalawirira kukadikira madzi pachitsime.

Kuuma kwa dera sikuyezedwa ndi mvula ya chaka chonse yokha. Chachikulu ndi miyezi yomwe mumakhala opanda dontho. Kuno mvula yeniyeni imayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Epulo, ndiye miyezi yotsalayo damu limadalira zomwe linasunga. Onjezerani zaka za ng'amba monga 2015/16 ndi 2023/24. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Mavuto omwe amakumana nawo anzathu a ku Burkina Faso, kumpoto kwa Ghana, ku Zimbabwe kapena kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, komwe madamu aang'ono alipo ochuluka zedi, ndi omwewa: dzuwa, matope, ndi kusowa mwini.

Kodi damu laling'ono ndi lotani kwenikweni?

Bungwe la dziko lonse loona za madamu, la ICOLD, limati damu ndi lalikulu khoma lake likafika mamita 15, kapena likakhala pakati pa mamita 5 ndi 15 koma likusunga madzi opitirira makiyubiki mita 3 miliyoni. A Mulunguzi ku Zomba ndi a Kamuzu ku Lilongwe ali m'gulu limenelo. Omwe tikukamba pano ndi aja a khoma la dothi lotsendera, otchinga kakhwawa kapena dambo, akuya mamita awiri, atatu mpaka asanu. Maiwe a nsomba okumba pansi ndi nkhani ina, ngakhale zambiri zomwe zili pano zimawakhudzanso.

Tingadziwe bwanji kuti damu likugwira ntchito bwino?

Musapite kukaliona mu Malichi. Mu Malichi damu lililonse ndi labwino: ladzaza, achule akuimba, alendo akujambula zithunzi. Pitani kumapeto kwa Okutobala, masana, dzuwa likuswa mtengo. Mukapeza madzi, funsani kuti akuwagwiritsa ntchito ndani. Mukapeza matope ong'ambikang'ambika, funsani kuti linaphwa liti.

Funso loyamba lisanakhale la madzi, likhale lakuti: damuli analimangira chiyani? Damu lomwetsera ng'ombe ndi mbuzi liyenera kufika Novembala lili ndi madzi, ngakhale ochepa. Damu la dimba likaphwa mu Seputembala anthu atakolola kale tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi, limenelo lagwira ntchito yake, musalinyoze. Damu la nsomba lifuna madzi osasintha kwambiri. Zimavuta pamene damu limodzi alilonjeza kwa onse: a dimba, a ziweto, a nsomba, oumba njerwa ndi ochapa. Pamenepo aliyense amaliweruza ndi muyeso wake, ndipo msonkhano sutha bwino.

Mukagwirizana za cholinga, zoyeza n'zochepa: limasunga madzi ochuluka bwanji, madziwo amapita kuti, matope akulidya mofulumira bwanji, khoma lili bwanji, ndipo mabanja angati akupezapo kanthu.

Tilibe zida za akatswiri. Tingayeze bwanji kuchuluka kwa madzi?

Chingwe, nsungwi yaitali, tepi yoyezera ya amisiri omanga, kope ndi cholembera. Basi.

Damu likadzaza yezani zinthu zitatu. Choyamba, kutalika kwa madzi motsatira khoma, kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina. Chachiwiri, mtunda wochokera pakhoma kukafika komwe madzi athera kumtunda. Chachitatu, kuya kwa pamalo pozama kwambiri, pomwe nthawi zambiri pamakhala pafupi ndi khoma. Chulukitsani manambala atatuwo, mugawe ndi 6. Ndi njira yongoyerekeza, yomwe omanga madamu a dothi amagwiritsa ntchito pa khwawa looneka ngati mphanda, koma imakupatsani poyambira.

Tiyerekeze: khoma mamita 60, kumtunda mamita 150, kuya mamita 3. Kuchulukitsa kukutipatsa 27,000, kugawa ndi 6 kukutipatsa makiyubiki mita 4,500. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti migolo isanu ya malita 200. Ndiye damu limeneli likadzaza lili ndi malita 4.5 miliyoni.

Kenaka zikani mtengo wolimba kapena chitsulo m'madzi, pomwe mungawerenge muli kumtunda, mulembe mizere ndi penti pa masentimita 10 alionse. Munthu mmodzi aziwerenga tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, m'mawa, n'kulemba. Woyeza kuya asalowe yekha, ndipo asakhale mwana. Matope a pansi pa damu amagwira miyendo.

Madzi atsika theka. Ndiye kuti tatsala ndi theka?

Ayi, ndipo apa mpomwe makomiti ambiri amagwa m'mbuna. Damu lili ngati chipande kapena lichero lozama: kumwamba n'kotakasuka, pansi n'kopanikiza. Madzi ambiri ali m'mita yoyamba ya pamwamba. Pa damu lomwe tayerekeza lija, kuya kukatsika kuchoka pa mamita 3 kufika pa mita imodzi ndi theka, madzi otsala si malita 2.25 miliyoni. Ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, malita ngati 560,000. Anthu akamaona mtengo woyezera uli pakati amati tidakali bwino, n'kulola ena atsegule madimba atsopano, pomwe zoona zake n'zakuti damu latsala pang'ono kutha.

Nanga madzi amapita kuti pomwe ife sitinatunge ambiri?

Akuba ndi awiri: dzuwa ndi nthaka.

Dzuwa ndi mphepo zimanyambita madzi pamwamba tsiku lililonse. M'madera otentha ndi ouma, madzi a pamtetete amatha kutsika pafupifupi mamita awiri pa chaka popanda wotunga. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, mamilimita 6 kapena kuposa pa tsiku si zodabwitsa. Milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Damu lathu lija pamwamba pake ndi pafupifupi theka la hekitala, ndiye likanakhala lodzaza m'nyengo yotere, dzuwa likanamamwa malita 27,000 pa tsiku. Zimenezo ndi zidebe 1,350 za malita 20, tsiku limodzi, popanda mayi n'mmodzi yemwe wosenza.

Tsono taonani chomwe chimachitika chilimwe chonse. Dzuwa likachotsa mita imodzi pa damu lakuya mamita 3, limakhala latenga pafupifupi magawo 7 mwa 10 a madzi onse. Likachotsa mita yomweyo pa damu lakuya mamita 6, limatenga magawo 4 okha mwa 10. N'chifukwa chake damu lozama ndi lopapatiza limaposa damu lotambasuka ngati bwalo la mpira, ngakhale lachiwirili ndilo limasangalatsa m'maso.

Pali phunziro lina lomwe ambiri safuna kulimva. Pa damu losazama, kuumira madzi kuti mudzathirire mu Okutobala n'kusungira dzuwa. Kuli bwino kudzala dimba msanga, mu Epulo kapena Meyi, nthaka idakali ndi chinyontho, kunja kukuzizira, n'kugwiritsa ntchito madzi a pamwamba aja asanauluke. Otsala a pansi musiyire ziweto.

Tingasiyanitse bwanji madzi otha ndi dzuwa ndi olowa pansi?

Gwirizanani kuti kwa masiku atatu kapena anayi wina asatunge, asapope, ndipo ziweto zikamwe kwina. Tengani beseni lalikulu, mulidzaze madzi, mulikhazike m'mphepete mwa damu moti thupi lake likhale m'madzi, kuti kutentha kwa madzi a m'beseni kufanane ndi a m'damu. Lembani pomwe madzi alekeza m'beseni ndi pa mtengo woyezera. Masikuwo akatha, ngati mvula sinagwe, yerekezani. Zomwe zatsika m'beseni ndi za dzuwa. Ngati damu latsika kwambiri kuposa beseni, kusiyanako ndi madzi omwe akulowa pansi kapena kudutsa m'khoma. Mbalame ndi agalu asamwe m'besenimo, apo ayi mudzanamizira dzuwa.

Ndiye damu lolowetsa madzi pansi ndi lolephera?

Osafulumira. Pitani mukaone zitsime ndi mijigo ya kumunsi kwa damu. Ngati chitsime chomwe kale chinkaphwa mu Ogasiti tsopano chikufika Novembala, damu likugwira ntchito yomwe simukuiona. Ku Rajasthan, dera louma la ku India, anthu amamanga timadamu ta dothi totchedwa johad makamaka n'cholinga chimenechi, kuti madzi a mvula aime, alowe pansi, zitsime zitsitsimuke. Choncho m'kope muja lembaninso kuya kwa madzi a m'zitsime ziwiri kapena zitatu zapafupi. Damu latsopano nalonso limamwa madzi ambiri zaka zoyamba, kenaka matope osalala amamata pansi.

Kulowa pansi n'kosiyana ndi kuboola khoma. Za kumeneko tikamba m'munsimu.

Damu lathu linali lozama, pano mwana amaoloka. Chachitika n'chiyani?

Walira mvula walira matope. Ili ndiye vuto lalikulu la madamu a kuno kwathu, kuposa dzuwa. Mulanje ndi Thyolo ndi maboma a anthu othithikana, minda ndi yaing'ono, malo ambiri abwino ali ndi tiyi, ndipo anthu amalima mpaka m'zitunda zoti mbuzi yomwe imayenda mosamala. Sitikuwadzudzula, alima kuti? Koma mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma, yongolimidwa kumene, madzi amatsika ofiira ngati thobwa la mawere, ndipo akafika padamu amaima n'kutula katundu yense.

Kuyeza matope n'kosavuta. Chilimwe madzi atachepa, tengani chitsulo chowongoka kapena nsungwi yosongola, muzibaya m'matope mpaka mutamva nthaka yolimba. Chitani zimenezi pamalo khumi kapena kuposa, kuyambira kumtunda mpaka pakhoma, ndipo malowo muwazindikiritse kuti chaka chamawa mudzabwerere pomwepo. Mukadziwa kuti matope akukwera masentimita angati pa chaka, mwadziwa zaka zomwe damu latsala nazo. Ngati akukwera masentimita 20 pa chaka, damu la mamita atatu silingapitirire zaka 15, ndipo lidzasiya kuthandiza kale zakazo zisanakwane.

Matope ambiri sabwera pang'onopang'ono. Amabwera ndi mvula ziwiri kapena zitatu zamkuntho. Amene analipo mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri sangafunse zambiri. Pambuyo pa mvula yotere yezaninso, musadalire manambala akale.

Kuchotsa matope ndi makasu n'kotheka?

N'kotheka pa damu laling'ono kwambiri, ndipo matopewo ndi chonde, mukathira m'dimba mbewu zimakondwa. Koma werengerani kaye. Wilibala imodzi imanyamula malita ngati 60. Kuti muchotse makiyubiki mita 500 mufunika maulendo opitirira 8,000. Ngati kumtunda sikunasinthe, zonsezo zibwerera m'dzinja limodzi kapena awiri.

Ntchito yeniyeni ili kumtunda: akalozera ndi mizere yopingasa, mabokosi m'mizere, udzu wa vetiva m'malire, kutseka zigwembe ndi miyala ndi mitengo, kusiya bango ndi nsungwi m'mbali mwa khwawa, ndiponso kadziwe kotchera mchenga madzi asanalowe m'damu. Chovuta n'chakuti mwini munda wa kumtunda nthawi zambiri sapindula ndi damu. Amene amadya tomato ali kumunsi. Mukapanda kumupatsa gawo, kaya kamunda m'dimba kaya nsomba, musadabwe akamakuyankhani kuti alibe nthawi. Nkhani imeneyi ndi ya nyakwawa ndi gulupu, si ya komiti yokha.

Ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti khoma lili pangozi?

Yendani pakhoma kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndiponso itangotha, komanso pambuyo pa mvula iliyonse yaikulu. Yang'anani ming'alu, makamaka yodutsa khoma mopingasa kuchokera kumadzi kupita kuseri. Yang'anani pomwe patitimira, pomwe dothi lagumuka, mauna a mbewa ndi nkhanu, ndi zulu za chiswe. Njira ya ng'ombe yodutsa pakhoma imakumba kamseu komwe madzi adzatsate tsiku lina.

Kuseri kwa khoma, pansi, kunyowa pang'ono si zachilendo. Chofunika ndi mtundu wa madziwo. Akakhala oyera mbee ndipo sakuchuluka, ingowayang'anirani: kumbani kangalande, muone mphindi zomwe akutenga kudzaza chidebe, mulembe. Akakhala a matope, kapena akuwirikiza sabata ndi sabata pomwe damu silikukwera, ndiye kuti akukokolola khoma m'kati. Pamenepo chenjezani a kumunsi tsiku lomwelo, yambani kutsitsa madzi, ndipo itanani a zaulimi wothirira ku khonsolo.

Mitengo pakhoma ayi, ngakhale ikhale ya mango kapena bulugamu wooneka bwino. Mizu imaboola, ndipo mtengo ukafa imasiya mapaipi. Dzalani kapinga. Koma mtengo ukakhala kuti wakula kale, musauzule nokha, funsani kaye katswiri.

Bwanji osatseka potayira madzi kuti damu lisunge ambiri?

Funso ili timalimva chaka chilichonse, ndipo ena safunsa n'komwe, amangounjika matumba a mchenga usiku. Potayira madzi, pomwe pamatulukira madzi osefukira damu likadzaza, ndi pomwe pamapulumutsa damu. Khoma la dothi silipirira madzi oyenda pamwamba pake: akangodumpha, amayamba kudya kuseri, ndipo m'maola ochepa khoma limang'ambika. Madzi saiwala khwawa. Ngakhale madamu akuluakulu omangidwa ndi mainjiniya amavutika ndi madzi osefukira: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kukhala mumdima. Nanga kakhoma kathu komangidwa ndi makasu?

Potayira pakhale potakasuka, popanda zinyalala, popanda munda wa mbatata, ndipo pamwamba pa khoma pakhale potalikirako ndithu ndi pomwe madzi amafika akasefukira kwambiri, osachepera theka la mita. Khoma limatitimira ndi zaka, makamaka pakati, choncho muyeso umenewu muziubwereza.

Damu lathu lingathirire munda waukulu bwanji?

Wocheperapo kuposa momwe mukuganizira. Chimanga chimafuna madzi a mamilimita 500 mpaka 800 kuti chikhwime, malinga ndi nyengo. Pa hekitala imodzi amenewo ndi makiyubiki mita 5,000 mpaka 8,000, osawerengera otayika m'ngalande za dothi, omwe nthawi zina amafika theka. Damu lathu la makiyubiki mita 4,500 lija silingakwanitse ngakhale hekitala imodzi ya chimanga. Lingakwanitse timinda ta masamba ta mabanja angapo othirira ndi makheni, kapena ekala imodzi yosamalidwa bwino.

Pampu ya sola ndi yabwino, sifuna petulo, koma ili ndi khalidwe limodzi loipa: siitopa. Thiredo pampu inkaletsa yokha kuononga madzi chifukwa miyendo imawawa. Mukaika sola popanda kugawana maola, damu lomwe linkafika Okutobala liphwa mu Ogasiti.

Kupatula madzi, tiyang'anenso chiyani?

Anthu. Lembani mabanja omwe ali ndi gawo m'dimba, angati otsogozedwa ndi amayi, akolola chiyani, agulitsa zingati ku Luchenza, ku Bvumbwe kapena ku Chitakale. Funsani amene anataya munda pomwe madzi anadzaza ngati anapatsidwa pena. Funsani a kumunsi ngati khwawa lawo likuyendabe. Damu likhoza kudzaza chaka chilichonse koma n'kumathandiza mabanja atatu okha a pafupi ndi mfumu, ndipo manambala a madzi sangakuuzeni zimenezo.

Thanzi nalo lilowe m'kope. Madzi oima amaswetsa udzudzu, ndiponso nkhono zomwe zimafalitsa likodzo. Ana akayamba kukodza magazi, apite kuchipatala, ndipo auzeni alangizi a zaumoyo. Madzi a m'damu si akumwa osawiritsa kapena kuthira mankhwala, ngakhale aoneke oyera. Ziweto zimwere pa chomwera cha kunja kwa mpanda, osati kulowa m'damu.

Ndipo funsani za thumba la komiti. Damu lopanda ndalama yogulira thumba limodzi la simenti likang'ambika potayira, ndiye kuti likungodikira tsiku lake.

Tamva za madamu a mchenga. Angathandize kuno?

Amenewa ndi otchuka ku Kenya, m'madera ouma a Machakos, Makueni ndi Kitui. Amamanga khoma la simenti ndi miyala pa thanthwe, mopingasa mtsinje womwe umayenda dzinja lokha. Mchenga umadzaza kuseri kwa khoma, madzi n'kubisala m'mipata ya mchengawo, komwe dzuwa silifika kwenikweni ndipo udzudzu sungaswane. Anthu amatunga pofukula kapena pa mjigo wa m'mbali. Ndi nzeru yomwe agogo athu ankaidziwa kale pofukula mchenga wa mumtsinje chilimwe, kungoti apa mchengawo auunjika dala.

Koma amafuna zinthu ziwiri: thanthwe pafupi, ndi mtsinje wonyamula mchenga wokhakhala. Mtsinje wonyamula dothi lofiira losalala, ngati timitsinje tambiri totsika m'minda ya m'zitunda za Thyolo, ungadzaze khomalo ndi matope osatulutsa madzi. Musanagule simenti, tapani za pansi pa mtsinje m'botolo, thiranimo madzi, khutchumulani, muone chomwe chikhale pansi msanga ndi kuchuluka kwake.

Kodi pamafunika chilolezo? Nanga manambala athuwa tikapereke kwa yani?

Inde. Malinga ndi lamulo la madzi la 2013, kutchinga mtsinje kapena kupatutsa madzi opitirira a pakhomo kumafuna chilolezo, ndipo bungwe loona zimenezi ndi National Water Resources Authority. Poyambira pafupi ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lanu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenaka ofesi ya ulimi wothirira ndi ya madzi ku khonsolo ya boma.

Mukamapita kumeneko nyamulani kope lija, ndipo mlembi ajambule masamba ake pa foni, chifukwa makope amanyowa ndipo alembi amasamuka. Kunena kuti "damu lathu likuphwa msanga" n'kosiyana ndi kuonetsa kuti chaka chatha linaphwa pa 20 Okutobala, chaka chino pa 15 Seputembala, ndipo matope akwera masentimita 30. Ndi manambala otere katswiri amatha kukuuzani ngati mufunika kukweza khoma, kukumba matope, kuchepetsa dimba, kapena kukwera kumtunda kukakambirana ndi eni minda.